Ndinanyoza Achimwene Anga Kuti Anzeru Anzanga Andiombere M'manja

Ine ndine mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina kuno ku Mangochi, ndipo zimene ndikulemba panozi sindinauzepo ngakhale aphunzitsi anzanga. Ndinanyoza achimwene anga, munthu amene anandilera, pamaso pa gombe lonse la kwathu. Sindinaledzere, mowa sindinaulawepo chibadwire. Sindinapse mtima ayi. Ndinachita zimenezi ndili bwinobwino, nditamwa tiyi wamkaka ndi mazira, ndipo anthu ophunzira kwambiri anandiombera m'manja ataimirira. Inu owerenga, makamaka inu amene munkakhala nambala wani m'kalasi, khalani pansi mumve zimene zinandigwera.

Kwathu ndi ku Lungwena, kutsidya la kum'mawa kwa nyanja. Bambo athu anamwalira ine ndili ndi zaka zisanu, achimwene anga a Twaibu ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Iwo analekezera sukulu sitandade 4 n'kuyamba usodzi, ine n'kupitiriza. Mutu wanga unkagwira zinthu msanga moti aphunzitsi ena ankaipidwa nane. Funso lisanathe kulembedwa pa bolodi, ine ndakweza kale mkono. Pa mayeso akati yankhani mafunso atatu mwa asanu, ine ndinkayankha onse asanu, osati poyembekeza malikisi owonjezera, koma kuti aliyense adziwe kuti ndingathe. Khalidwe limeneli mulisunge m'mutu, chifukwa ndi lomwe linadzandigwetsa ndili ndi imvi kale m'ndevu.

Anthu amaganiza kuti kukhala ndi mutu wotere n'kokoma. Kumasungulumwitsa. Ukanena nthabwala anzako amakuyang'ana ngati wawatukwana, ukafunsa funso pamsonkhano amati ukufuna kuonekera. Ndinazolowera kungotseka pakamwa. Ku yunivesite ndinakhoza bwino kwambiri, ndipo mwayi wokapitiriza maphunziro kunja unapezeka. Nthawi yomweyo mayi athu anagwa ndi matenda ofa ziwalo. Achimwene sanandiletse, anangondifunsa kuti, “Ukapita kutaliko, amayi adzakuonanso?” Ndinatsala. Mayi anakhala zaka zina zinayi n'kutisiya, mwayi uja sunabwerenso. Anzanga amene ndinkawaphunzitsa mayeso akayandikira lero ndi mapulofesa, ine ndikupumabe fumbi la choko. Nkhani imeneyi sindinaikambepo ndi munthu, ndinangoikwirira mumtima n'kumayenda nayo.

A Twaibu ndi siginala, munthu amene amatsogolera asodzi a chilimira ndi kabwato ka nyali n'kuwauza poponya ukonde. Akayang'ana madzi amadziwa pomwe pali usipa, ndipo alovi awo, amuna amene amakoka nawo ukonde, amadya chifukwa chokhulupirira mawu awo. Koma kuwerenga kumawavuta, amangotha kulemba dzina lawo. Ine ndinawagulira foni yamakono kuti tizitumizirana mauthenga a mawu. Ndiye anali ndi chizolowezi chimodzi. Ndikatumiza uthenga sankaumvera okha. Ankaitana alovi, amayi ogula nsomba, aliyense amene ali pafupi, n'kukweza foni mpaka pamapeto uku akuti, “Tamverani mphwanga wa ku yunivesite!” Chaka china ndinawafotokozera chimene chimachititsa kadamsana, uthenga umenewo unazungulira gombe sabata yathunthu. Anthu akatha kumvera, iwo ankawonjezera mawu omwewo nthawi zonse, oti iwo anasiya sukulu kuti ineyo ndiphunzire.

Lachisanu lililonse akatuluka mu mzikiti ankandiimbira. Nkhani zake zomwezomwezo: mwera wavuta, injini ikutsokomola, mwana wa uje wakwatiwa, ana ako akudya? Ine ndinkangoyankha kuti eya, eya, uku ndikuchonga makope. Kutha kwa mwezi ankakwera lole kubwera ku boma kuno ndi kathumba ka usipa wofutsa, n'kukhala pa sofa wanga mpaka dzuwa kupendeka, akusisita mabuku anga ndi zala zawo zong'aluka. Musandimve molakwa, ndinkawakonda. Koma ndinkatopa nawo, ndipo mawu aja oti anasiya sukulu chifukwa cha ine ankandilasa, chifukwa ndinkadziwa kanthu kena. Mphunzitsi wina wokalamba wa ku pulayimale kwathu anandiuzapo akuseka kuti a Twaibu anabwereza sitandade 4 katatu asanasiye.

Zaka ziwiri zapitazo mnzanga wa ku yunivesite anandilowetsa m'gulu lina la pa foni, la anthu akuluakulu amene amati anabadwa ndi nzeru zapadera. Kuti akulandire unkayamba walemba kamayeso ka zithunzi ndi manambala. Ndinakamaliza nthawi ikadalipo yambiri, ndipo atandiyankha kuti ndine mmodzi wa iwo, ine bambo wa ana atatu ndinasangalala ngati mwana wosankhidwa kupita ku fomu wani. Gululi linkakonza m'bindikiro wa masiku anayi pa loji ina ya m'mphepete mwa nyanja, cha ku msewu wa ku Monkey Bay. Cholinga ankati n'chakuti tidziwane ndi anthu ofanana nafe, tichotse kusungulumwa, tikule mumtima. Inali holide ya mu Ogasiti, mwera uli pachimake. Akazi anga anandifunsa kuti kodi anthu anzeru akakumana amakambirana chiyani chimene sichingakambidwe pakhonde pathu. Ndinawayankha kuti funso lawolo ndiye chifukwa chake ndikupita. Anangopitiriza kundisitira malaya.

Ndisaname, masiku awiri oyamba anali okoma kwambiri. Tinalipo anthu pafupifupi makumi awiri: madokotala, mainjiniya, loya mmodzi, mayi wina wa zamakompyuta, ndi ena otero. Pa nkhomaliro yoyamba ndinayesa kunena nthabwala ya masamu imene ndinaisunga zaka khumi posowa woiuza, tebulo lonse linaseka ndisanaimalize. Ndinanamizira kukasamba m'manja kuti ndikapukute misozi. Kwa nthawi yoyamba sindinkafunika kubwerera m'mbuyo kukatenga munthu amene watsalira pa nkhani. Aliyense anali ndi mbiri yonga yanga, yonenedwa kuti ndi wodzimva, yosowa wocheza naye pakati pa abale ake enieni. Mafoni tinasiya m'dengu pakhomo, lamulo lake linali limenelo. Lachisanu linadutsa, ku mzikiti sindinapite, ndipo sindinakumbuke n'komwe kuti m'dengu muja muli foni imene ikuyenera kuti ikulira.

Koma munali kalankhulidwe kena mmenemo kamene ndinakameza osatafuna. Panali “ife” ndiponso panali “anthu wamba”. Palibe amene ankanena monyoza ayi, ankanena mwachifundo, ndipo chifundo chimenecho ndiye chinali choopsa. Akazi athu, amuna athu, abale athu, mabwana athu, onse anasanduka anthu osatimvetsa amene tiyenera kuwapirira. Tinkasenda chambo chimene msodzi wina anachivutikira pa mphepo imeneyo, uku tikudandaula kuti dziko silitiyamikira. Ine, mwana wa pagombe, ndinali patsogolo kugwedeza mutu.

Amene ankatsogolera anali mayi wina wa ku Blantyre, wolankhula mofatsa, tinkangowatchula kuti a Dokotala. Loweruka m'mawa anatigawira mapepala. Anati aliyense wa ife ali ndi munthu amene anamumanga chingwe ku mwendo, nthawi zambiri mosadziwa, ndiye tilembe kalata yopita kwa munthu ameneyo, tinene zonse osabisa. Tikatha tiwerengerane, kenako tiotche makalatawo pa mbaula imene inali pakhonde. Kuotcha basi. Palibe amene anati titumize. Izi ndikuzinena poyera kuti ndisanamizire munthu.

Anzanga anali akulumabe zolembera ine nditadzaza kale masamba atatu. Ndinawerenga, anthu anapukusa mitu, mayi wa zamakompyuta uja analira. Kenako loya uja anawerenga yake, yopita kwa malemu bambo ake, ndipo inali yabwino kuposa yanga. Ena anadzuka kukamukumbatira. Inu owerenga, mukhulupirire kaya ayi, chimene chinandigwira pamenepo ndi nsanje. Ndinali nambala thu. Pa msinkhu wa zaka makumi anayi ndi chimodzi, pa nkhani ya kulira ndi kuchira mumtima, ine ndinkafunabe kuyankha mafunso onse asanu.

Ndinaimirira n'kunena kuti kuotcha kalata ndi mantha. Ndinati mnzathuyu alibe kochitira poti bambo ake anapita, koma munthu wanga ine ali moyo, ndipo wofunadi kumasuka amanena zinthu kwa mwini wake. Ndinati poti achimwene anga sawerenga, ndiwatumizira ndi mawu, pompano. A Dokotala anati sikofunika kutero, koma ananena akumwetulira ngati mphunzitsi amene wapeza mwana wochangamuka. Panali bambo wina wachikulire, woyeza malo wopuma pa ntchito, amene masiku onsewo sankalankhulalankhula. Anandigwira mkono n'kunena motsitsa kuti, “Aphunzitsi, igonetseni kaye kalatayo. Mawa ikadzakhala kuti ikadali yoona, mudzatumize.” Ndinamuyankha mokweza kuti mawu oti dikira, dikira, ndi omwe akhala akundimanga moyo wanga wonse. Ena anavomera kuti eeh, zoona. Dengu la mafoni linabwera.

Ndinaima pakhonde, pomwe mapiri a kutsidya, a kwathu, ankaonekera mwa chizimezime. Kalata ija ndinailemba m'Chingerezi, koma ndinaimasulira m'Chiyao, chinenero chimene tinayamwira, kuti pasakhale liwu lowadutsa. Ndinati chiyambire sindinasangalalepo kucheza nawo. Ndinati akamandiimbira Lachisanu ndimakhala ndikuyang'ana wotchi. Ndinati anandikwirira ku Mangochi chifukwa cha kaduka, kuopa kuti ndingawapitirire kutali. Ndipo ndinamaliza ndi chija ndinachisunga nthawi yaitali chija. Ndinati asiye kunamiza anthu kuti anasiya sukulu chifukwa cha ine, analephera sitandade 4 katatu, asamabisale kumbuyo kwanga. Zonse zinatenga mphindi zisanu ndi imodzi. Ndinadina, uthenga unapita, foni inabwerera m'dengu. Anandiombera m'manja ataimirira, ngakhale ambiri a iwo sanamve liwu ndi limodzi lomwe la Chiyao. A Dokotala anati kulimba mtima kotere n'kosowa. Nkhomaliro ya tsiku limenelo ndinadya mbale ziwiri.

Chizolowezi chawo chija ndinkachidziwa. Ichi ndiye chimandiwawa kuposa zonse. Ine amene ndimakumbukira malikisi a ana amene ndinawaphunzitsa zaka khumi zapitazo, sindinganene kuti ndinaiwala mmene achimwene anga amamverera mauthenga anga. Sindinaiwale, sindinangoganizako. Maso anga anali pa nkhope za anthu amene anali patsogolo pangawo basi.

Lamulungu masana anatibwezera mafoni. Ndinapeza kuti Lachisanu lija anandiimbira kanayi, ndipo panali uthenga umodzi wa mawu, waufupi kwambiri. Ndinaumvera mu minibasi pobwerera. Mawu awo anali odekha, kumbuyo kukumveka mphepo. “Ndamva, aphunzitsi. Sindinkadziwa kuti ndimakuvutitsani. Mundikhululukire.” Basi, unathera pomwepo. Moyo wanga wonse sananditchulepo kuti aphunzitsi. Ndinadzilimbitsa kuti ndi mmene zimakhalira munthu ukamamasuka. Lachisanu loyamba foni sinalire, ndinati ndapuma. Lachisanu lachiwiri ndinaiyang'ana kangapo. Mwezi unatha, lole inabwera n'kubwerera, kathumba ka usipa sikanafike.

Akazi anga ndi amene anandidzutsa. Nkhani ya zimene uthenga wanga unachita kwathu inali itawapeza kale kudzera kwa amayi a kwathu amene amabwera kudzagulitsa nsomba pa msika, ndiye kuti boma lonse linali likuidziwa kupatula ine. Sanakalipe. Anangoti, “Mukadangowamenya mbama, bwenzi pano zitatha. Nyamukani mupite.” Ndinanyamuka Loweruka lotsatira.

Ndinapeza achimwene ali ku gombe. Pakhomo panali alamu anga, Abiti Jafali, akutembenuza usipa pa thandala, ndipo anandifotokozera zonse osandiyang'ana. Loweruka lija mwera unali wolusa, palibe bwato linalowa m'madzi, choncho amuna onse anali pansi pa mtengo wa pagombe akusoka maukonde. A Twaibu anali ndi nkhawa poti dzulo lake sindinayankhe foni, ankaganiza kuti mwina ndadwala. Uthenga utalowa anakondwa, n'kuitana anthu monga mwa masiku onse. Anasonkhana ambiri, alovi awo, a mabwato ena, ogula nsomba, ngakhale mwini boti. Poyamba ankamwetulira, kuganiza kuti ndi nthabwala za anthu ophunzira. Zitafika poipa, wina anawauza kuti azimitse. Iwo anakana, anati, “Mphwanga akulankhula, musamudule.” Anagwira foni m'mwamba mpaka liwu lomaliza. Kenako anaiika m'thumba, anatola singano yawo, n'kupitiriza kusoka.

Gombe siliiwala nkhani. Alamu anati kuyambira tsiku limenelo, ukonde ukatuluka wopanda kanthu, pamapezeka wina wong'ung'udza kuti tikuyembekezanji kwa a Katatu. Dzina limenelo linawamatirira. Munthu amene zaka makumi awiri akati ponyani apa aliyense ankaponya osafunsa, anayamba kutsutsidwa ndi anthu amene iye anawaphunzitsa kupalasa.

Ndinayesa kudziteteza, monga mwa chizolowezi changa. Ndinati ndinalakwa kanenedwe, koma za kubwerezazo si bodza. Apa ndi pomwe alamu anasiya usipa uja n'kundiyang'ana. “Alamu, zoti anabwereza katatu ndani sadziwa kuno? Ine ndinali naye kalasi imodzi. Koma munafunsapo chifukwa chake? Mwana wochezera kupalasa bwato, kukacha n'kukakhala m'kalasi, akhoza bwanji? Ankawodzera manja akununkha nsomba, aphunzitsi n'kumamukwapula. Anakakamira zaka zitatu chifukwa ankaifuna sukuluyo. Chaka chimene inu munayamba kufuna yunifolomu ndi makope ndi chimene iye anasiya.” Ine amene ndimachotsera ana malikisi akalemba yankho osasonyeza njira yake, ndinasunga nambala imeneyo zaka zonsezi osafunsa kuti inachokera kuti.

Achimwene anafika cha m'masana. Anandipatsa salamu bwinobwino, ndi manja awiri. Kale ndikafika tinkakhala pa mkeka umodzi, kudyera mbale imodzi, iwo akundiseka kuti manja anga afewa ndi choko. Tsiku limenelo anapita okha kwa aneba kukabwereka mpando wa pulasitiki. Ine pa mpando, iwo pansi. Chakudya changa chinabwera pachokha, pa katebulo, ndi supuni. Sindinathe kupirira. Ndinagwada, ndinalira, ndinapepesa ndi mawu onse amene ndimawadziwa. Anandidzutsa msangamsanga.

“Musatero aphunzitsi, buluku lida. Ine ndinakhululuka tsiku lomwelo. Munanena za mumtima mwanu, palibe mlandu.”

Ndinati sizinali za mumtima, anandisokoneza ndi anthu. Anapukusa mutu pang'ono.

“Ndinamvera bwino. Simunapunthwe ngakhale pamodzi. Mawu amene munthu wawaganiza lero lomwe amapunthwa. Anu aja anali okhalitsa.”

Inu owerenga, pa anthu onse makumi awiri a nzeru zapadera aja, palibe amene anandiwerenga molondola chotero.

Potsanzikana analowa m'nyumba n'kutuluka ndi jumbo yakuda yomangidwa ndi ulusi wa ukonde. Anati ndi katundu wanga, ankangondisungira. Ndinaimasula ndili mu lole. Munali malipoti anga onse a sukulu, kuyambira sitandade 1 mpaka fomu 4, osanyowa, osadyedwa ndi chiswe, atasanjidwa mwa ndondomeko yake. Ndinadabwa kuti munthu wosawerenga anawasanja bwanji, kenako ndinaona pa ngodya ya lililonse pali timizere ta pensulo, kamodzi, tiwiri, titatu, mpaka kumapeto. Nyumba yawo inagwapo kawiri ndi mvula, anasamukapo, anataya zinthu zambiri, koma mapepala amenewo sanataye. Mayi amene ndinakhala naye moyandikana mu lolemo anandifunsa ngati ndikuchokera ku maliro.

Ndinalemba zonsezi m'gulu lija la pa foni. Timitima tofiira tinagwa tambirimbiri. A Dokotala anandilembera kuti kukula kumawawa, ndipo anthu amene anazolowera kutiona tili ang'ono amavutika tikayamba kutambasuka. Pansi pake anandikumbutsa za m'bindikiro wotsatira, kuti malo akutha. Loya uja, amene tinalonjezana kuti ndife abale mpaka imfa, ndinamuimbira kawiri, anati ali m'khoti andiimbira akatuluka. Mpaka lero sanatuluke. Amene anandiimbira yekha ndi bambo woyeza malo uja. Sananene kuti paja ndinakuuzani, anangoti ndizipitabe kumudziko, ngakhale azindipatsa mpando, ndizipitabe. Patatha miyezi ingapo gulu lija linazilala, pano mumangogwa zotsatsa malonda ndi mauthenga a tsiku lobadwa. Akuluakulu sananame kuti mlendo ndi mame.

Chipembedzo chathu chimaletsa kudula chibale, ndipo a Twaibu ndi munthu woopa Mulungu. Sanandidule. Anangondikweza. Ndikapita amandilandira, pa Idi amatumiza moni kwa ana anga, ndikadwala amafunsa kudzera kwa alamu. Ndinayesa kupita pagombe pomwepo kukapepesa pamaso pa alovi awo, anandimvera mwaulemu, ena n'kuomba m'manja pang'ono, koma dzina lija silinachoke. Mwezi wathawu mwana wamkazi woyamba wa achimwene, amene ndinamunyamula ali khanda, anakwatiwa. Zokambirana zonse zinachitika ine osadziwa. Chimene chinandipeza ku sukulu ndi khadi, mu envulopu yoyera, dzina langa litalembedwa bwinobwino ndi digiri yanga kumapeto. Kwathu wachibale satumiziridwa khadi. Wachibale amangouzidwa kuti bwera udzamange chisakasa, pita ukatenge nkhuni, fulumira.

Pa ukwatipo anandikhazika kutsogolo, pamodzi ndi a khansala ndi mwini boti. Wolengeza anati tili ndi mwayi waukulu kuti pakati pathu pali aphunzitsi ochokera ku boma. Achimwene anga ankadutsadutsa ndi mabeseni a mpunga, thukuta lili kamukamu, akuseka ndi anzawo, akukalipira uyu, akutuma uyo. Aliyense ankatumidwa kupatula ine. Ndinadzuka kuti ndiwalandire beseni limodzi. Analikokera kwa iwo n'kumwetulira.

“Khalani, khalani. Alendo sagwira ntchito.”

Inu owerenga, sindikunena kuti misonkhano yotereyi ndi yoipa yonse. Kusungulumwa kwa munthu wa mutu wothamanga n'koona, ndipo kupeza anthu oseka nthabwala yako n'kokoma, ine ndinalawa. Koma ngati mupita, pitani mukudziwa kuti amene mukawapeze kumeneko Lamulungu akwera magalimoto awo. Musalole anthu a masiku anayi akuweruzireni munthu amene wakhala nanu zaka makumi anayi. Malo alionse amene akuyamba kukuphunzitsani kuti pali inu ndipo pali anthu wamba, dziwani kuti mwa anthu wambawo muli amene anakugulirani kope loyamba. Akakuuzani kuti otchani kalata, otchani, osafuna kupambana anzanu pa chilichonse. Ndipo mukamva kuti mawu amene mukufuna kunena kwa m'bale wanu akuomberedwa m'manja ndi alendo, aopeni mawu amenewo, agonetseni monga anandiuzira bambo uja. Ngati pali chimene chikukuwawani, kakhaleni naye pa mkeka awiriwiri, mumufunse, mwina nkhani imene mwaisungayo mukuidziwa theka. Ine ndapepesa mokwanira kuti ndikuuzeni kuti pepani sapoletsa chilonda.

Lero ndi Lachisanu. Ndabwera kuchokera ku mzikiti, ndakhala m'chipinda cha aphunzitsi, makope ali mulu patsogolo panga ndipo foni ndaiika pamwamba pake. Ndikudziwa kuti siilira. Ndikaimba ine ayankha, andipatsa salamu, andifunsa ngati pali chimene ndikufuna, ndipo mphindi isanathe anena kuti asandichedwetse poti ndine munthu wotanganidwa. Ine amene ndinkayang'ana wotchi uja, nthawi ndili nayo yambiri tsopano. Wondiuza za mwera ndiye palibe.